Nsomba zafa nditangosintha madzi a m'thanki, ndalakwitsa pati?

Tadala: Moni nonse a pagulu. Ndabwera mtima uli wowawa. Ndili ndi thanki ya masentimita 60 m'litali, 30 m'lifupi ndi 30 kupita m'mwamba. Munali ma guppy 8 ndi ma neon tetra 6, ndipo ndakhala nazo miyezi isanu popanda yofa ngakhale imodzi. Dzulo masana ndinaona kuti galasi lachita ndere, pansi padzaza zinyalala, ndiye ndinati ndikonze bwinobwino. Nsomba ndinaziika m'beseni, madzi onse ndinataya, miyala ndinatsuka, kenako n'kudzazamo madzi a pampopi amene ndinatunga dzana. Anagona m'ndowa usiku wonse monga momwe anandiuzira amene anandigulitsa nsombazo. Pofika madzulo zonse zinali pamwamba, kukamwa kuli yasa, zikupuma mwabefu. M'mawa uno ndapeza ma tetra 4 ndi guppy imodzi zitafa. Zotsalazo zangokhala pakona. Chonde ndithandizeni zisanathe zonse.

Mayi Nabanda: Pepani kwambiri achemwali. Tisanafike pa zoti chalakwika n'chiyani, tipulumutse kaye zotsalazo. Muli ndi mankhwala ochotsera klorini m'madzi, aja a m'kabotolo? Ngati muli nawo thirani pompano, muyezo wa thanki yonse. Thanki yanuyo ndi ya malita 54, mukachulukitsa 60 ndi 30 ndi 30 n'kugawa ndi 1,000. Ngati mulibe, kawapezeni lero lomwe, osadikira mawa. Pampu ya mpweya ikhale ikuyaka osaleka, nyale muzime, ndipo musazipatse chakudya lero.

Tadala: Ndilibe mayi. Sindinagwiritsepo ntchito chiyambire. Ndimangogoneka madzi basi. Ndikutuluka pano kukawafuna.

Bambo Mbewe: Mwanawe pepa. Koma ine sindikukhulupirira kuti vuto ndi madzi ogonekawo. Ndasunga nsomba zaka zoposa 20, ndipo dontho la mankhwala silinalowepo m'thanki yanga. Ndimatunga madzi, ndimawasiya m'mgolo wosavundikira masiku awiri, ndimathira, nsomba zimaberekana mpaka kusowa kozipatsa. Chimene chapha nsomba apa n'kutaya madzi onse nthawi imodzi. Nsomba imazolowera madzi ake. Ukaichotsa m'madzi amene yakhalamo miyezi isanu n'kuiponya m'atsopano, ozizira mwina, imadzidzimuka.

Kondwani: Bambo Mbewe, pa kutaya madzi onse ndikugwirizana nanu kwathunthu. Koma pa kugoneka madzi ndiloleni ndiwonjezere, chifukwa njira imeneyi imathandiza ena, ena imawaphera nsomba, ndipo onsewo achita chimodzimodzi.

Oyeretsa madzi akumwa amathira mankhwala kuti aphe tizilombo toyambitsa matenda monga kolera ndi tayifodi. Izi zinayamba kale, mzinda wa Jersey City ku America unayamba kuthira klorini mosalekeza mu 1908, ndipo anthu ambiri apulumuka nazo. Klorini wamba sakhalitsa m'madzi osavundikira. Amauluka pang'onopang'ono, ndipo pakatha tsiku limodzi kapena awiri amakhala atatha, makamaka ngati mwaikamo pampu ya mpweya kuti madziwo azivundukavunduka. Njira yanu imagwira ntchito pamenepa.

Koma kuuluka komweko ndi vuto kwa oyeretsa madzi, chifukwa amafuna kuti mankhwala akafike mpaka ku mpopi womaliza. N'chifukwa chake m'malo ambiri amaphatikiza klorini ndi amoniya, n'kupanga kloramini. Ameneyu sauluka msanga. Mukhoza kugoneka madzi masiku angapo, iye akadalimo. Fungo lakenso ndi lochepa, ndiye mphuno singakuuzeni kanthu.

Yamikani: Koma achimwene, madzi omwewo ife timamwa tsiku ndi tsiku, ana akhanda amasamba omwewo. Zitheka bwanji kuti aphe nsomba pa maola ochepa chabe?

Kondwani: Funso labwino a Yamikani. Ife madzi timawameza, amapita m'mimba, ndipo kaklorini kochepako kamathera momwemo kasanafike kulikonse. Nsomba imapuma ndi madziwo. Amadutsa m'makha mwake, ziwalo zopumira zija za m'mbali mwa mutu, mphindi iliyonse usana ndi usiku. Khungu la makha ndi lopyapyala kwambiri kuti mpweya ulowe m'magazi mosavuta. Klorini amawotcha khungu limenelo, limatupa, limatulutsa zonanda, ndiye mpweya sulowanso. Kloramini amafika mpaka m'magazi n'kuwalepheretsa kunyamula okosijeni. Nsomba zanu a Tadala zimakwera pamwamba chifukwa zimabanika, ngakhale m'madzimo mpweya unalimo.

Onani kusiyana kwa manambala. Bungwe la WHO limati madzi akumwa akhoza kukhala ndi klorini mpaka mamiligiramu 5 pa lita popanda kuvulaza munthu, ndipo limalimbikitsa kuti pofika pampopi akhale asanatsike kupitirira 0.2. Pomwe bungwe loona za chilengedwe ku America la EPA, poteteza zamoyo za m'mitsinje ndi m'nyanja zopanda mchere, linaika malire a 0.011 pa lita kwa masiku angapo, ndi 0.019 kwa kanthawi kochepa. Ndiye ngakhale madzi a pampopi amene ali ndi klorini wochepetsetsa apitirira malire a nsomba kakhumi ndi kuposa.

Bambo Mbewe: Nanga zanga bwanji sizifa?

Kondwani: Mwina kwanuko amathira klorini wamba, ndiye masiku awiri anu aja amakwanira. Komanso ndikuganiza kuti simusintha madzi ambiri nthawi imodzi.

Bambo Mbewe: Ndowa ziwiri pa sabata, m'thanki ya malita 200.

Kondwani: Ndiye basi bambo. Ngati ndowa zanu ndi za malita 10 kapena 20, mukusintha gawo laling'ono, ndipo chilichonse chimene chatsalira m'madziwo chikusungunuka m'thanki yaikulu. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti oyeretsa madzi akhoza kusintha mankhwala, kapena kuwonjezera klorini payipi ikaphulika n'kukonzedwa, kapena mvula yamphamvu ikadetsa madzi kumene amatungako. Inu simudziwa. Mumachita zimene mwakhala mukuchita zaka zonse, tsiku limenelo zikukanika.

Tadala: Ndabwerako, ndathira monga munanenera mayi Nabanda. Patha ola limodzi, ma guppy ayamba kuyendayenda. Ma tetra awiriwo akadali pakona koma sakupumanso mothamanga ngati m'mawa. Ndagulanso timapepala toyezera madzi. Pali malo awiri a klorini, pena palembedwa free, pena total. Ndayeza madzi amene anatsala m'ndowa, amene tsopano agona masiku awiri. Pa free sipanasinthe mtundu, koma pa total pasintha kwambiri, pakuonetsa pakati pa 1 ndi 2. Zikutanthauza chiyani?

Kondwani: Yankho lanu ndi limenelo achemwali. Free ndi klorini amene ali payekha. Total ndi yense, kuphatikizapo amene wagwirana ndi amoniya. Ngati woyambayo palibe koma wachiwiriyo alipo, madzi anu ali ndi kloramini. Kugoneka sikunachotse kanthu. Miyezi isanu yonseyi mumapulumuka chifukwa mumathira pang'ono pokha.

Mayi Nabanda: A Tadala, pali chinthu chimodzi simunatchule ndipo chikundivutitsa maganizo. Siponji ya m'fyuluta, chosefera madzi chija, munaitani dzulo?

Tadala: Ndinaitsuka pampopi mpaka inayera mbee. Inali yakuda bii, yonanda. Miyalanso chimodzimodzi. Kodi pamenepanso ndinalakwitsa?

Mayi Nabanda: Ndimaopa zomwezo. Musadziimbe mlandu, palibe amene amabadwa akudziwa, ndipo diso limatiuza kuti chakuda n'chonyansa. Koma zakuda zija ndiye moyo wa thanki. Nsomba zimatulutsa amoniya kudzera m'makha, ndowe zake ndi zakudya zotsalira zikamawola zimatulutsanso amoniya. Amoniya ndi poizoni. M'siponji muja ndi pamiyala pamakhala mabakiteriya amene amadya amoniya n'kumusandutsa nitrite. Nitrite nayenso ndi poizoni, amasandutsa magazi a nsomba kukhala oderako n'kuwalepheretsa kunyamula mpweya. Ndiye pali mabakiteriya ena, otchedwa Nitrospira, amene amasandutsa nitrite kukhala nitrate, amene nsomba zimapirira ngati sanachuluke, ndipo timamuchepetsa posintha madzi. Kuti mabakiteriya amenewa akhazikike m'thanki yatsopano pamatenga masabata 4 mpaka 6.

Tsono klorini anaikidwa m'madzi kuti aphe mabakiteriya. Sasankha kuti awa ndi oipa, awa ndi abwino. Mutatsuka siponji ndi miyala pampopi, kenako n'kudzaza thanki ndi madzi a kloramini, ambiri mwa iwo anafa kapena kukokoloka. Ine zinandichitikira chaka changa choyamba. Nsomba zinapulumuka tsiku loyamba, ndinasangalala, koma pa tsiku lachinayi madzi anachita mbuu ngati mwathiridwa mkaka, ndipo zinayamba kufa imodziimodzi. Ndinalira, chifukwa inayake ndinali nditailera kuyambira ili kamwana. Ndikukuuzani izi kuti mudziwe kuti ngozi yachiwiri ikubwera sabata ino, ndipo mukhoza kuipewa.

Tadala: Mayo ine. Ndichite chiyani ndiye?

Mayi Nabanda: Pezani zoyezera amoniya ndi nitrite, za madontho zija zimaonetsa bwino kuposa timapepala. Muziyeza tsiku lililonse. Chilichonse mwa ziwirizi chikafika 0.5, chotsani kota ya madzi kapena kupitirirako pang'ono, n'kubwezeramo atsopano othira mankhwala. Chakudya muzipereka kamodzi pa masiku awiri, kochepa kwambiri. Nsomba yathanzi sifa ndi njala ya masiku awiri. Fyuluta musaikhudze mwezi wonse. Tsiku limene idzatsekeke, mudzafinye siponji m'ndowa ya madzi amene mwachotsa m'thanki, kawiri katatu basi, idzabwerere idakali yoderako. Ndipo ngati pali mnzanu amene ali ndi thanki yakale ya nsomba zathanzi, mupempheni kachidutswa ka siponji yake, mukanyamule kali m'madzi, mukaike m'fyuluta yanu. Zimafupikitsa masiku kwambiri.

Kondwani: Ndiwonjezere pa za kabotolo kaja. A Tadala, werengani kumbuyo kwake. Mankhwala ambiri ochotsera klorini amapangidwa ndi sodium thiosulfate. Amagwira ntchito msanga kwambiri, mukangovundula basi. Koma akakumana ndi kloramini amachotsa mbali ya klorini yokha, amoniya uja n'kutsala m'madzi. Ngati pampopi pali kloramini 2, mukhoza kutsala ndi amoniya pafupifupi 0.5 m'ndowa. M'thanki yokhwima si nkhani, mabakiteriya amamudya pa maola ochepa. M'thanki ngati yanuyi panopa, ndi katundu wowonjezera. Choncho funani amene alembedwa kuti amathana ndi klorini, kloramini komanso amoniya. Dziwaninso kuti mukathira oterewo, choyezera chikhoza kuonetsabe amoniya, chifukwa chimawerenga yense, womangidwa ndi wosamangidwa.

Tadala: Langa lalembedwa zonse zitatu. Akuti mamililita 5 pa malita 200. Nanga pa ndowa yanga ya malita 10 ndiyeza bwanji kochepa chonchi?

Kondwani: Ndi 0.25 ya mililita. Pezani sirinji yaing'ono ya mililita imodzi yopanda singano, ikhale ya ntchito imeneyi yokha. Ngati palibe, madontho 20 amakwana pafupifupi mililita imodzi, ndiye madontho 5 pa ndowa. Kupitirira ndi dontho limodzi kapena awiri sikuvulaza. Koma osakhuthula mongoganizira, chifukwa mankhwala amenewa akachuluka kwambiri amachepetsa okosijeni m'madzi, ndipo makha a nsomba zanu ndi opsa kale.

Chifundo: Ine ndimawiritsa madzi n'kuwasiya kuti azizire. Ndili ndi kathanki ka malita 20, muli nsomba imodzi ya mtundu wa betta. Kodi ndikulakwitsa?

Kondwani: Kuwiritsa kumachotsa klorini wamba. Kloramini amafuna kuwira nthawi yaitali, ndipo simungatsimikize kuti watha popanda kuyeza. Kumathamangitsanso mpweya, ndiye madziwo akazizira muziwavundula kapena kuwatsanula kuchoka m'ndowa ina kupita m'ina. Pa malita ochepa n'zotheka, koma madontho ochepa a mankhwala amachita ntchito yomweyo mosatopetsa.

Yamikani: Nanga bwanji osangothawa mpopi? Madzi a mvula kapena a pachitsime alibe klorini.

Bambo Mbewe: Apa ndiyankhe ine, chifukwa zonsezo ndinayesapo. Madzi a mvula alibe mchere wa m'nthaka umene umagwira pH, muyezo wa asidi m'madzi, kuti isagwe. Thanki ya madzi a mvula okhaokha imatha kukhala bwino masabata angapo, tsiku lina n'kusanduka ya asidi mwadzidzidzi. Ma guppy amavutika nawo kwambiri chifukwa amakonda madzi olimba, a mchere wa m'nthaka wambiri. Ma tetra, amene kwawo ndi ku mitsinje ya Amazon, amakonda ofewa, komabe ngakhale iwo ndi bwino kuwasakanizira ndi a pampopi. Kuwonjezera apo madzi a mvula amadutsa padenga, amatenga fumbi, dzimbiri, zitosi za mbalame. A pachitsime kapena pamjigo alibe klorini zoona, koma akamatuluka pansi amakhala ndi okosijeni wochepa ndi mpweya wa kaboni wambiri, ena amakhala ndi chitsulo, ena nitrate wochokera ku feteleza. Amenewo ndiye ofunika kugoneka ndi pampu usiku wonse, n'kuyeza pH m'mawa mwake, chifukwa imakwera mpweya uja ukatuluka.

Ndipo a Kondwani, ngakhale mwandigonjetsa pa kloramini, mgolo wanga sindiutaya. Madzi ongotuluka pampopi nyengo yozizira amakhala ndi mpweya wopanikizika. Mwaonapo timathovu tating'ono tikumatirira pagalasi mukangothira? Timeneto tikhoza kupangikanso m'thupi mwa nsomba. Madzi akagona, mpweya umenewo umatuluka, ndipo kuzizira kwake kumafanana ndi kwa m'nyumba.

Kondwani: Apo palibe chotsutsa bambo. Kugoneka kuli ndi ntchito yake. Chimene ndikukana n'kudalira kugoneka kokha usanadziwe chimene chili m'madzi ako.

Mayi Nabanda: Pa za kuzizira, a Tadala, ma tetra ndi ma guppy amakhala bwino pa madigiri 24 mpaka 26. Madzi atsopano asasiyane ndi a m'thanki kupitirira digiri imodzi kapena awiri. Dzanja limanama, gwiritsani ntchito choyezera kutentha. Ngati ndi ozizira, tenthetsani pang'ono m'ketulo n'kusakaniza m'ndowa. Ine sinditunga ku mpopi wa madzi otentha, chifukwa madzi amene akhalitsa m'giza ndi m'mapayipi a kopa amatenga kopayo, ndipo kopa amapha nkhono ndi ma shrimp msanga kuposa nsomba. M'mawa ndimayamba ndatsegula mpopi mphindi imodzi kapena ziwiri kuti amene anagona m'payipi apite, ndimathirira maluwa amenewo. Ndowanso ikhale ya nsomba zokha. Imene munachapirapo ndi sopo kapena kukolopera isayandikire thanki. Beseni limene munaikamo nsomba dzulo linali lotani?

Tadala: Linali latsopano, silinalowepo sopo. Apo pokha ndiye ndapulumuka.

Chifundo: Funso lina laling'ono. Mankhwala timathira m'ndowa kapena m'thanki?

Mayi Nabanda: M'ndowa, muvundule, kenako mutsanulire pang'onopang'ono, pa mbale kapena pa dzanja kuti miyala isavunduke. Amene ali ndi mathanki aakulu odzaza ndi payipi mwachindunji amathira kaye muyezo wa thanki yonse asanatsegule mpopi. Pa thanki yaing'ono ngati yanu palibe chifukwa chochitira zimenezo.

Kondwani: Chinthu chimodzi chokha choti a Tadala asamale nacho masiku ano. Muona pH pa timapepala tanu. Musayese kuikonza ndi mankhwala okweza kapena otsitsa. Koma idziweni, chifukwa amoniya amaluma mosiyana. Pa pH 7 ndi madigiri 25, gawo lake loopsa ndi pafupifupi theka la 1 peresenti. Pa pH 8 limafika pafupifupi 5 peresenti, kuchuluka kakhumi. Ngati madzi anu ali cha ku 8, musadikire kuti amoniya afike 0.5, sinthani madzi akangoonekera.

Tadala: Ili pa 7.6. Ndamva, ndizisintha msanga.

Bambo Mbewe: Ndabwereranso pa nkhani ija. Mdzukulu wanga wandibweretsera timapepala, ndayeza. Ongotunga kumene akuonetsa klorini mbali zonse ziwiri mofanana. A mumgolo a masiku awiri sakuonetsa kanthu konse. Ndiye kwathu kuno ndi klorini wamba monga munanenera a Kondwani. Komabe ndagula kabotolo kamodzi kuti kazikhala. Ndakumbukira chaka china payipi ya mumsewu itakonzedwa, madzi ananunkha klorini sabata yonse, ndipo nsomba zanga ziwiri zazikulu zinafa. Nthawi imeneyo ndinati ndi ukalamba.

Tadala: Ndabweranso patatha masiku 9. Tetra imodzi inafa tsiku lachiwiri, makha ake anali ofiira kwambiri. Zina zonse zilipo, ma guppy 7 ndi tetra imodzi. Zimene munanena mayi Nabanda zinachitikadi. Tsiku lachitatu amoniya anaonekera, madzi anachita mbuu pang'ono, ndinasintha malita 15 masiku anayi otsatizana. Mnzanga wa kuntchito anandipatsa kachidutswa ka siponji, ndinakaika tsiku lachisanu. Lero amoniya ali pa 0, nitrite 0.25. Guppy imodzi yabereka usiku, ndawerenga tiana 11 tikubisala m'zomera. Koma tetra yotsalayo ikundimvetsa chisoni, imangozungulira yokha. Ndingaigulire anzake liti?

Mayi Nabanda: Mwagwira ntchito achemwali, ndasangalala kwambiri. Koma dikirani kaye. Tiana timeneto tawonjezera kale katundu pa fyuluta. Amoniya ndi nitrite zikhale pa 0 sabata yathunthu musanawonjezere nsomba iliyonse. Pakamwa pa payipi ya fyuluta mangirani kasiponji kuti tiana tisakokedwe.

Bambo Mbewe: Ikafika nthawiyo mugule zitatu kaye, pakatha masabata awiri zina ziwiri, kuti zikwanenso 6. Thumba muliyandamitse pamwamba pa thanki mphindi 15, muzithiramo madzi a m'thanki pang'onopang'ono, kenako muzitulutse ndi kaukonde. Madzi a m'thumbamo asalowe m'thanki.

Tadala: Zikomo bambo, zikomo nonse. Ndalemba tsiku pa kalendala, ndiyezanso mawa m'mawa.